Chizungu Chimene Ndinaphunzira pa Maliro a Mwana Wanga

Mwana wanga wamwamuna anamwalirira ku Joni, kumene ankasamalira maluwa ndi kapinga pa nyumba ya mzungu. Uthenga unabwera pa foni, wochokera kwa mnzake wa kuno kwathu amene ankagona naye chipinda chimodzi. Anati anadwala chifuwa, anamutengera ku chipatala, ndipo sanatulukeko. Uthengawo unandipeza ndikuswa mtedza wa mbewu pakhonde. Ndinamaliza lichero lonse ndisanauze munthu.

Anthu anasonkhana monga amachitira. Katundu anamutulutsa m'nyumba, amayi analowa mkati, abambo anakhala panja. Amayi a kumpingo anabwera ndi nyimbo. Koma pakati pa nyumba panali mphasa yokha. Anthu ankalowa akulira, nkuyang'ana pamphasapo, kenako nkuyang'ana ine.

Tili chikhalire choncho, mvula yodzalira inagwa. Kwathu kuno, kuseri kwa Mitundu, maliro akakhala pamudzi khasu silipita kumunda. Palibe amene anandidandaulira, koma ndinkaona abambo akutapa dothi lonyowa nkumalifinya m'manja.

Achimwene anga, amene ndi malume ake a mwanayo, anandiitanira kuseri. Anati akuluakulu akambirana. Kubweretsa mtembo kuchokera ku Joni ndi nkhani yaitali ndiponso yolemera, choncho anzake amuike konko, ife kuno tidule thunthu la nthochi, tilikulunge nsalu, tikaliike kumanda m'malo mwake. Anati makolo ankatero munthu akathera kutali.

"Achimwene, ine sindinabereke nthochi," ndinatero.

Anati andipatsa nthawi pang'ono, koma mudzi sungadikire mpaka udzu umere.

Mnzake uja anaimbanso. Anati iwo asonkha zimene akanatha kuti mtembo ubwere, koma sizingakwane popanda bwana wa malemuyo, amenenso akanathandiza pa zikalata za kuchipatala ndi za pamalire. Bwanayo sanakane, koma anati akufuna amve kuchokera kwa mayi ake enieni chimene akufuna, osati kwa anzake. Ndinayenera kujambula mawu anga pa foni, m'Chizungu, nkutumiza.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3. Chizungu changa chinali cha moni ndi zikomo. Ndiye mkulu wanga anaitanitsa amuna ake ku Nathenje. Alamu angawo anali mphunzitsi wa pulayimale, anapuma kale. Anafika pa njinga, thalauza atamanga ndi mphira m'miyendo. Tinakakhala atatu m'chigafa cha fodya, chimene nyengo imeneyo chimakhala chopanda kanthu.

Alamu anati mawu ofunika ndi awiri okha, "bring back". Loyambalo palokha ndi kubweretsa, koma awiriwo akatsatana ndiye kubwezera chinthu kumene chinachokera. Munthu akabwereka nkhwangwa, mwini wake amamuuza mawu amenewa. Mwana akapita ndi mbale kwa anzake, mayi ake amamuuza omwewa. Anati azungu amawanenanso nyimbo yakale ikawakumbutsa ubwana wawo, ngakhalenso boma likabwezeretsa lamulo limene linathetsedwa. Anatola kamtengo nkuyamba kulemba pansi, akufotokoza kuti mawu awiriwa amatha kusiyana, munthu wofunidwayo nkulowa pakati pawo.

"Aphunzitsi, mayeso ake alemba liti?" anatero mkulu wanga. "Muuzeni choti anene basi."

"Inu munathawa sukulu belu lisanalire, khalani chete," anayankha alamu. Mkulu wanga anaseka pang'ono, kenako anadzigwira pakamwa.

Ine ndinamva zonse. Za nkhwangwa, za mbale, za lamulo. Zinalowa bwinobwino, ndipo mpaka lero ndimazikumbukira, sindidziwa chifukwa chake.

Anandipangira ziganizo ziwiri zazifupi: "I am his mother. Please bring him back." Lilime langa linkakana. Ndinkati "bulingi", iwo nkumati ndisaike mawu ena pakati, nditseke milomo kenako nditsegule msanga. Ndinabwereza mpaka pakamwa panauma. Nkhuku zinalowa m'chigafamo, zinapalasa zimene alamu analemba, nkutuluka.

Ataona kuti zikumveka, anandiikira foni pafupi ndi pakamwa, ndipo ndinanena. Anatiseweretsera kuti timve. Mawu onse analimo, olondola. Koma mkulu wanga anapukusa mutu. Anati ndikumveka ngati munthu wofunsa mtengo wa tomato, ndipo mzunguyo aganiza kuti ndine mayi wochita kubwereka. Anati ndilire, amve chisoni.

Alamu anavomereza, akuyang'ana kumbali. Anati ndikumbukire tsiku limene ndinamubereka, kapena tsiku limene tinamuperekeza kukakwera basi. Ndinakumbukira. Ndinaona jekete yake yobiriwira, chikwama chodukaduka zingwe, chimanga chootcha chimene anagula nkundigawira theka. Zonse ndinaziona bwino ngati ndikuyang'ana zovala za eni ake pa chingwe. Misozi sinabwere. Sinabwere pamene ndinamva uthenga, sinabwere pa nyimbo, ndipo m'chigafamo sinabwerenso.

Amene analira ndi mkulu wanga. Analira kwambiri, atatsamira mzati. Alamu anati mwina tijambule iye akulira kumbuyo kwanga, pa foni sizidziwika kuti akulira ndani.

"Alamu, bwanayo wafuna mawu a mayi ake," ndinatero. "Mayi ake ndi ameneyu. Tumizani omwewo."

Alamu anatumiza.

Tinabwerera m'nyumba ya maliro. Ndinamva kuti nthochi yodula anali atasankha kale, ya m'dimba la achimwene, ndipo adzukulu okumba manda ankaseka kuti sanayambe anyamulapo maliro opepuka chonchi. Sindinakwiye. Ndinakhala pamphasa panga, anthu ankandipatsa phala, ndinkamwa.

Yankho linabwera m'mawa mwake. Anali mawu a mwamuna wachikulire, olankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kuti ndiphonya. Sindinamvepo kanthu kupatula dzina la mwana wanga, limene ankalitchula mokhota. Alamu anamvetsera kawiri, anavula magalasi, nati bwanayo wavomera. Anati wanenanso zina za mmene mwanayo ankagwirira ntchito, ndipo anafuna kundimasulira. Ndinati adzandiuza tsiku lina. Ndinauza achimwene kuti anthu amasulidwe akadzale, tidzawaitana bokosi likafika.

Linafika chimanga chitamera kale. Tinakalichingamira ku Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu, pafupi ndi pamene pamaima maminibasi. Linabwera m'ngolo yokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi katundu wa anthu ena otumiza kwawo, mafiriji, matilesi, njinga ya mwana. Anayamba atsitsa matilesi kuti alifikire. Linali lokutidwa ndi pulasitiki yakuda, yafumbi. Dalaivala anafunsa kuti mwini wake ndani, ndipo ndinakweza dzanja.

Kunyumba analiika pamphasa paja nkutsegula pankhope. Anali iyeyo. Anali atasunga ndevu, zimene sindinamuonepo nazo. Amayi onse anakhala chete akuyang'ana ine, pakuti woyamba kulira amayenera kukhala mayi. Ndinamuyang'ana mpaka ndinakhutira kuti ndi wanga, nkubwerera pamalo panga. Mkulu wanga ndi amene anayambitsa.

Tinamuika pafupi ndi bambo ake, mutu utaloza kumene timalozetsa anthu athu onse. Ndinakhala pansi mpaka adzukulu anamaliza kuumba mtumbira. Anthu atayamba kubwerera kumudzi, amayi awiri anandigwira m'khwapa, ndipo ndinadzuka.