Bedi la Miyendo Inayi

Mumsewu wathu ku Kanpur kuno, amayi amasiye a nyumba yapakona sazimitsa wailesi. Nyimbo ya m'kanema ikangoyamba, amaiika m'gulu lake uku akusankha mpunga. "Iyi ndi ya udindo. Iyi ya chuma. Iyi ya chikondi, kwezani." Ikalira ya kumasuka kwa mzimu amangogwedeza mutu: "Imeneyo indidikire kaye." Amati zolinga zinayi za moyo zimene ansembe amaphunzitsa zili ngati miyendo ya bedi, ukathyola umodzi ugona pansi.

Tsiku la mwambo wojambula ndi utoto manja a mdzukulu wawo Shubhangi, mawa lake ukwati, iwo anakhala pakhonde ndi nsalu yawo yoyera, poti anthu amati wamasiye amabweretsa tsoka paukwati. M'nyumbamo azakhali ake angapo ankangoimba za udindo: kumvera apongozi, kulawirira kusesa. Mtsikanayo analira, akupukuta misozi mpaka utoto wa m'manja unafufutika.

Amayiwo analowa n'kuwalanda ng'oma azakhaliwo.

"Amayi, anthu akuona," anawanong'oneza mwana wawo Devendra. "Pamsinkhu wanuwu n'za kukachisi basi."

"Iwe, ukuganiza kuti ndinakutola kukachisi? Mwanayu mukumutumiza ndi bedi la mwendo umodzi."

Anayambitsa nyimbo yachikondi imene malemu amuna awo ankawaimbira ndi mawu osasa akupalasa njinga. Azakhali anayang'anana, mmodzi n'kuvomereza, kenako onse. Shubhangi anaseka misozi ikadali m'masaya, n'kuwatambasulira dzanja lofufutika lija.

"Agogo, ili mundijambule ndinu."