Rodgers Kachingwe ndi Munda wa M'chipinda

Rodgers Kachingwe anabadwira kumapiri a ku Nkhotakota, kumene ana amadziwa fungo la chamba asanadziwe fungo la sopo. Bambo ake ankalima m'chigwa china chobisika. Apolisi atawagwira n'kutentha munda wonse, Rodgers anali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndipo analumbira tsiku lomwelo kuti mbewu imeneyo sadzaikhudzanso. Analowa kwaya, anakwatira Florah, anabereka mwana wamkazi dzina lake Rosta. Kusuta sanasutepo, ngakhale fodya wamba. Kungoti polumbira paja analumbira ndi pakamwa, manja sanawafunse.

Florah ndiye anatsogola ku Dubai, kukalera ana a eni ake ku Al Mankhool. Patatha zaka zitatu anamupezera mwamuna wake ntchito ku weyahausi ina ku Dubai Investments Park, yogulitsa zipangizo za alimi a m'nyumba. Eya, m'nyumba. Kuno matimati amakula ngati odwala a kuchipatala: dzuwa lawo ndi babu, chakudya chawo ndi feteleza wamadzi wa m'mabotolo, ndipo akatalika amawatsamiritsa pa neti ya mabowo akuluakulu kuti asagwe. Rodgers poyamba ankaseka. Kenako anazikonda. Ntchito yake inali kukweza katundu m'galimoto, kukatsitsa kwa wogula, ndi kumumangira neti ngati wafuna. Woyendetsa galimotoyo anali Thumbiko, bambo wamimba wa ku Rumphi, amene sankakonda kutalikirana ndi eyakoni.

Matenda a Rodgers anali amodzi: sankatha kudutsa mbewu yodwala osalankhula. Kwawo ukadutsa pamunda wa mnzako umaima, umapereka moni, umanenapo kanthu pa chimanga chake. Khalidwe limeneli anakwera nalo ndege. Ngakhale duwa lofota la pakhomo la sitolo ankaliweramira n'kupisa chala m'dothi, mlonda akumuyang'ana.

Tsiku lina mu June, dzuwa likuphika anthu, anatumidwa ku Al Garhoud ndi maneti awiri ndi katoni ya mabotolo. Nyumba yake inali ya mpanda wautali, ndege zikudutsa pamutu. Wogula anali mzungu wina, Conrad, wa kabudula ndi patapata, womwetulira mopitirira muyeso. Anati katunduyo ndi wa tsabola. Anawatsogolera kuchipinda chakumbuyo, cha mazenera omata ndi mapepala akuda, mafani akulira mkati.

Chitseko chisanatseguke n'komwe, mphuno ya Rodgers inali itafika kale ku Nkhotakota.

Thumbiko, amene tsikulo anatsika chifukwa cha ludzu, anasuzumira kamodzi n'kubwerera chafutambuyo.

"Achimwene, tsitsani, asayine, yalla tizipita," ananong'ona. "Ine ndaona chinangwa. Inunso mwaona chinangwa."

"Chinangwa chanji chonunkha chonchi?"

"Cha kuno. Tiyeni."

Rodgers ankadziwa bwino. Kuno kanjere kamodzi m'thumba kamakwana kukutsekera m'ndende, nanga chipinda chodzaza? Anatsitsa katoni, natembenuka kuti azipita. Ndiye diso linagwera pa masamba. Anali achikasu, nsonga zopserera, opindika ngati zala za nkhalamba. Neti yakale inali yokhotakhota, nthambi zikulendewera ngati zosiyidwa pamaliro.

"Bwana," anatero m'Chingerezi chake cha Sitandade 8, "mukuzipha ndi chakudya. Mwana sadyetsedwa chonchi."

Conrad anamuyang'ana ngati munthu amene watola foni pamsewu.

"Habibi, mnzanga, ukuzidziwa?"

Apa wanzeru akanati ayi. Rodgers anati, "Pang'ono."

Anamanga neti yatsopano, yowongoka ngati mizere ya m'kope, mfundo iliyonse yolimba. Mumtima anati ndi kamodzi kokha. Sabata yotsatira Conrad anatumiza chithunzi pa foni, tsamba lina lachita madontho. Rodgers anayankha ndi mawu ojambula, poti kulemba kunkamutopetsa. Posakhalitsa, tsiku lake lopuma akatuluka ku mapemphero, ankakwera sitima ya metro kukazonda odwala ake, nyimbo ya kwaya idakali pakamwa. Conrad akamutambasulira envulopu ankakana ndi manja awiri. Ankaganiza kuti wosalandira kanthu alibe mlandu. Lamulo limeneli analipanga yekha, ndipo ankalidziwa yekha.

Florah ndiye anamugwira. Anakhala pabenchi ku Al Mankhool, pa maola atatu amene madamu ake ankamupatsa Lamulungu, ndipo anangoweramira paphewa pake n'kudzuka.

"Bambo a Rosta, malayawa akununkha kwanu."

"Ndi mankhwala a kuntchito."

"Musandipusitse, ndinakwatiwa ku Nkhotakota ine. Ndapukuta makanda a eni ake zaka zitatu kuti mubwere kuno. Mwabwera kudzamaliza ntchito ya bambo anu?"

"Mayi a Rosta, sindisuta, sindigulitsa. Ndikungothandiza mbewu."

"Mukawauze choncho apolisi. Akakuomberani m'manja."

Analonjeza kuti khalas, wasiya. Anasiyadi, masabata awiri athunthu. Kenako unabwera uthenga wa Conrad: wapita kwawo mwadzidzidzi, amayi ake adwala, kiyi ali pansi pa mphika wa maluwa, ukangozithirira kamodzi basi. Rodgers anakhala masiku awiri osayankha. Tsiku lachitatu, akukweza makatoni, anadzipeza akuganiza za madzi a m'thanki ya m'chipinda muja, kuti pofika lero atsala pang'ono kuuma. Atayesa kuimba, foni ya Conrad inali yozima. Sanaganize zoti munthu amene amayi ake adwala sazimitsa foni. Anaganiza za mizu.

Apolisi anamupeza masana, atagwada m'chipindamo, akulowetsa nthambi m'mabowo a neti imodziimodzi, mofatsa ngati akuveka mwana malaya. Nyumbayo apolisiwo anali ataizonda mwezi wathunthu. Conrad anamva mphekesera msanga n'kuthawa, ndipo mpaka lero amayi ake akudwalabe.

Thumbiko anaitanidwa. Anati iye anaona chinangwa. Anamufunsa katatu, katatu konse chinangwa, ndipo madzulo ake anali m'galimoto, eyakoni ili kumaso.

Rodgers nayenso anali ndi kakhomo kothawira, kakang'ono. Anthu a kutchalitchi anamupezera loya, amene anamuuza kuti m'mawu onse ojambula aja dzina la mbewuyo silinatchulidwe. "Iwe ndiwe wonyamula katundu. Sukulu sunapite patali. Anakuuza kuti ndi tsabola, iwe unakhulupirira. Usawonjezere kanthu."

Wapolisi wofunsa mafunso anali munthu wofatsa, wa ndevu zometedwa bwino. Anamupatsa tiyi. Anamvetsera nkhani ya tsabola mpaka kumapeto, akugwedeza mutu. Kenako anayala zithunzi patebulo.

"Ndikukukhulupirira," anatero. "Amene ankasamalira izi sadziwa ulimi. Taona, neti yokhota, mbewu zofooka. Ntchito ya mbuli. Zikanafa zokha."

Rodgers anayang'ana. Inali neti yake, yowongoka. Masamba obiriwira biriwiri, otambasuka ngati zikhatho. Loya anatsokomola. Rodgers anayang'ana kudenga, anayang'ana tiyi, anabwereranso pa zithunzi.

"Sizikanafa," anatero chapansipansi. "Ndinazipeza zikufa. Inu mwazizula zisanakhwime. Mukanadikira masabata atatu mukanaona."

Mlembi anasiya kaye kutayipa, namuyang'ana ngati akumupatsa mpata woti awameze mawuwo. Rodgers sanameze. Mlembi anatayipa.

Woweruza sanataye nthawi. Zaka zimene anatchula, Florah anazimva kamodzi ndipo sanazibwerezenso kwa munthu. Rosta, amene anatsala kumudzi akuphunzira kulemba dzina lake, adzakhala mayi wa ana bambo ake asanakwere ndege yowathamangitsa.

Kundende Rodgers amaloledwa kuimba foni mphindi zochepa. Ulendo woyamba Florah anayankha ali m'bafa la madamu, atatsegula mpopi kuti asamveke.

"Amayi anu akufunsa. Ndawauza kuti mwapeza ntchito pa sitima ya panyanja, kulibe netiweki."

Kumbuyo kwa Rodgers anthu a pamzere anali akung'ung'udza m'zilankhulo zinayi.

"Akhulupirira?"

"Akuti muzivala juzi, panyanja pamazizira."

"Muwauze kuti ndikuvala," anatero, ndipo wotsatira pamzere anamugwira paphewa.