Makala a zitsononkho ku Domwe

Ndinanyamuka kwathu, kufupi ndi Fonte Boa, kum'mawa kutangoyera. Mkazi wanga Marita anandimangira mbatata zophika ndi chidutswa cha sabau, sopo wathu wotsiriza. Mwana wathu Luziya anali gone pamphasa, maso atalowa m'kati ndi kutsekula m'mimba. Ansembe ankati dzina la dera lathu limatanthauza kasupe wabwino, koma chaka chimenecho chitsime chathu chinkatipatsa phala la matope. Nkhuni zowiritsira madzi zinali kuphiri, kumene ankhondo anakwirira mabomba. Tinamva kuti azakhali anga ku Domwe amaotcha makala osadula mtengo, n'kumasefera madzi.

Ku Ulongwe ndinafika wapansi dzuwa litakwera, n'kupita kukatenga giya, chikalata chololeza munthu kuyenda.

"Mukukatani ku Domwe?" anafunsa mlembi.

"Kukaona zitsononkho za chimanga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako analemba kuti ndikukazonda matenda.

Pamsika ndinapeza kamiyau, galimoto yonyamula katundu, imene inali itatsitsa kachewere. Woyendetsa anakana ndalama zathu za metikali. "Ndikagula chiyani, achimwene? M'loja mwatsala ntchentche zokha." Sabau uja anamununkhiza, namuika m'thumba, nandiloza kumbuyo.

Ndinakhala pafupi ndi bambo wina wachikulire, atafumbata mbewu ya chimanga m'kansalu. Anati akukabzalanso, yoyamba inapsera m'nthaka.

"Tili anyamata, pa Natale, pa Khirisimasi paja, chimanga chinkafika m'chiuno," anatero, akuloza dambo limene tinkadutsa, long'ambika ming'alu. "Apa tinkawoloka titapinda kabudula. Anthu akuti mvula yathawa mfuti. Ayi, inayamba kale kuchedwa, pang'onopang'ono, ngati mkamwini amene watopa ndi ukwati koma akuopa kunena."

Tinaseka mpaka tinafika pamudzi wina wootchedwa. Panali makoma okha ndi mtondo wakugwa.

Masana asilikali anatiimitsa. Woona magiya anali ndi milomo yosweka, ndipo atandibwezera chikalata maso ake anatsalira pa phukusi langa. Ndinamupatsa mbatata imodzi. Anadya ndi makoko omwe.

Dzuwa litapendeka tinafika ku Domwe. Azakhali anga a Nasitaziya ndinawapeza okha. Mwana wawo Paulo anatengedwa ndi anthu a mfuti chaka cham'mbuyo akuchokera kumunda.

"Ndiye ankandidulira nkhuni," anatero. "Atapita ndinayamba kuphikira zitsononkho, utsi wake wosatsegulitsa maso. Tsiku lina mfuti zinalira moto uli pakati. Ndinaukwirira ndi dothi n'kuthawa. Pobwera ndinapeza makala."

M'mawa mwake anandionetsa kuseri kwa nkhokwe. M'dzenje lofika m'mawondo anayatsa mapesi, nathira zitsononkho ndi makoko a nyemba pang'onopang'ono. Zikangoyamba kuyera phulusa pamwamba, ankathira zina. Utsi utachepa anavindikira ndi chidutswa cha lata, n'kumata dothi m'mbali. Madzulo tinafukula. Anathyola khala limodzi, lopepuka ngati nthenga, nandipatsa.

"Taonani timabowoto, bambo a Luziya. Litsiro limakodwa mmenemo."

Kasefedwe anati anakaona kwa masisitere ali mtsikana. Mumtsuko wobowoka pansi anaika kansalu, makala osinja, mchenga wotsuka pamwamba. Anathira madzi ofiira a pachitsime chawo, ndipo pansi panayamba kudontha madzi oti nkhope n'kuonekera.

"Musanyengedwe ndi kuyerako. Muziwiritsabe, makala ake ndi omwewa. Fumbi lotsala musakanize ndi manyowa, muthire m'mapando. Nthaka sichedwa kuuma popanda iwo."

Kuseriko kunalidi mizere ingapo ya nyemba zobiriwira, pamene za anansi zinali zitafota.

Ndinawapempha kuti tipitire limodzi kwathu. Anapukusa mutu uku akumanga thumba la makala. "Paulo akabwera adzapeza yani?"

Pobwerera galimoto sindinaipeze. Ndinayenda ndi amayi ena opita kumsika wa Ulongwe, thumba pamutu, tikuponda mmene waponda mnzathu. Kwathu ndinafika mawa lake, nkhope yakuda bii ndi fumbi la makala. Luziya anali moyo, koma wofooka. Marita anabowola mtsuko tsiku lomwelo, ine n'kukumba dzenje langa lootchera makala. Sabata isanathe mwanayo anayamba kupempha phala, ndipo anansi amene ankaseka dzenje langa anayamba kubwera ndi malichero a zitsononkho.

Paulo sanabwere, ngakhale nkhondo itatha. Anthu amati azakhali anali ndi nzeru, ndipo n'zoona. Koma ndikamafukula dzenje langa ndimadziwa kuti akanapatsidwa mwayi wosankha, nzeruzo akanazisiya, n'kumadandaula za nkhuni zaziwisi zimene mwana wawo wabweretsa.