Mpunga wokazinga wa ba Cheni

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinasambitsa mlongo wanga Mapalo madzi ozizira a m'diramu. Tinkakhala ku komboni ya Linda, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Atate ankayendetsa thiraki ku Kopala, dera la migodi, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Amayi ankagwira ntchito pamunda wa ndiwo zamasamba wa banja lina lochokera ku China, cha ku Makeni. Choncho pa tchuthi cha Ogasiti mwanayo, wa miyezi isanu ndi inayi, ankatsala m'manja mwanga.

Amayi ankanena kuti madzi a mwana ayambe afunda pa mbaula. Koma tsiku limenelo moto unali utazima, ndipo anzanga anali atayamba kale kusewera waida, masewera olumpha chingwe, kuseri kwa nyumba, akundiitana. Ndinatunga madzi m'diramu n'kumukhazika m'beseni. Analira mpaka milomo kunjenjemera. Ndinamupukuta mwachangu, n'kumuveka thewera lokha, n'kumuika pa saka pafupi ndi pomwe tinkasewera. Mphepo inkauluza fumbi ndi mapepala, ine ndili kalikiliki kulumpha.

Patapita masiku awiri anayamba mamina ndi chifuwa. Tsiku lachitatu anatsegula m'mimba. Chingwe chathu choyanikira zovala chinadzaza ndi matewera. Amayi anandifunsa ngati ndinamudyetsa chinthu chachilendo, ndinati ayi. Zinali zoona, ndiye ndinadziuza kuti sindinaname.

M'mawa mwake amayi sakanatha kujomba ku ntchito, komanso sakanatha kumusiya. Anamubereka, ine ndinanyamula chikwama, tinapita tonse kumunda. Mwini munda, ba Cheni, anali mayi wamfupi wovala chipewa chachikulu ndi magambutsi. Antchito ankawaopa chifukwa ankalankhula mokweza, ndipo Chinyanja chawo chinali cha mawu ochepa otola kwa antchito omwewo. Atamva kulira kofooka kwa Mapalo anasiya payipi, anasamba m'manja, n'kuika chikhatho pamimba pa Mapalo.

"Mimba kuzizila," anatero. "Ndani sambika mwana?"

Sanandiyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa mwana. Mwina n'chifukwa chake pakamwa panga panatseguka.

"Nine," ndinayankha. "Ninamusambika manzi ya mu dilamu. Nenze kufuna kuyenda kusobela."

Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana. Ba Cheni anangogwedeza mutu ngati ndawauza nthawi, n'kutilowetsa m'khitchini.

Anatenga mpunga wodzaza dzanja n'kuukazinga wouma m'chiwaya chakuda, akutakasa osapuma, mpaka unafiira. Unkanunkhira ngati chimanga chokazinga. Anathiramo madzi, unawira nthawi yaitali, kenako anasefa madzi ofiirirawo m'kapu. Atazizira pang'ono, amayi anayamba kumumwetsa ndi kasupuni. Kenako ba Cheni anatenthetsa mchere, anaukulunga m'kansalu, anayamba auyesa patsaya pawo, n'kuuika pamchombo pa mwana pamwamba pa malaya. Ndi manja komanso mawu oduka-duka anatifotokozera kuti kwawo amati mphepo ikalowera pamchombo, mimba imatsegula, ndiye khanda silikhala mimba ili pamtunda ngakhale kutenthe. Anang'amba thaulo lakale n'kumumanga m'chiuno.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma anayang'ananso maso a Mapalo, amene anali atalowa m'kati, anagwira paliwombo, nkhope yawo inasintha.

"Iyi mankwala ya nyumba, ing'ono," anauza amayi. "Mwana manzi kusila. Kiliniki. Manje manje."

Anaitana dalaivala wa kagalimoto konyamula kabichi, ndipo tinakhala kutsogolo tonse atatu. Ku kiliniki namwino anatipatsa timapaketi ta mchere ndi shuga tosungunula m'madzi owiritsa, ndi timapiritsi ta zinki. Anati amayi asasiye kuyamwitsa, ndipo madzi a mpunga si oipa bola akhale aukhondo. Anatinso kutsegula m'mimba kumabwera ndi tizilombo ta m'madzi kapena ta m'manja, ndipo nthawi zina kumabwera pamodzi ndi chimfine. Ndinakumbukira zala za Mapalo zikukanda dothi m'mbali mwa saka lija. Mbali zonse ziwiri, mlandu unali wanga.

Pobwerera kunyumba ndinkayenda kumbuyo, ndikuyembekeza mbama. Amayi anaima pafupi ndi pompi n'kundidikira.

"Chanibaba si manzi yozizila," anatero. "Ni masiku yatatu yamene unankala zii, ine nisakila chamene chalengesa."

Ndinayamba kulira. Anakonza chitenje chomwe anaberekera mwana, n'kunena motsitsa mawu, "Koma nine ninakusiila mwana. Naiwe ukali mwana."

Sanandimenye. Mapalo anachira patatha masiku anayi. Tchuthi chonse chotsalacho tinathera kumunda, pansi pa mtengo wa mapeyala, chifukwa ba Cheni anati mwana azibwera basi. Sanayambe andisekererapo, ndipo za madzi aja sanazitchulenso.

Lero ndili ndi ana awiri anga. Akatsegula m'mimba ndimathamangira ku kiliniki, ndipo ndikabwerako ndimakazinga mpunga. Ngati mphepo imalowadi pamchombo, sindikudziwa. Chimene ndinamvetsa nditakula n'chakuti mwana amabisa chifukwa cha mantha, ndipo pamene akubisapo matenda saima. Choncho m'nyumba mwanga mukachitika kanthu, ndimayamba ndafunsa mofatsa kuti ndidziwe chochita. Zokalipa ndimaziona pambuyo, wodwalayo atayamba kudya.