Boti lanu Lunik ndaliona, amalume

Amalume, lero ndaliona boti lanu ku Senga Bay. Alipaka penti wobiriwira, koma dzina lija likuonekabe pansi pake: LUNIK. Ndakumbuka tsiku limene tinkalilemba. Munati munalimva pa wailesi ya Chingerezi, ati ndi mawu a Chirasha amene Angerezi anangobwereka potchula zombo zoyamba zopita kumwezi, zimene zinkapita zopanda munthu. Ine ndinati, "Amalume, boti la asodzi kulipatsa dzina la chombo chopanda munthu, si kudzilodza kumeneko?" Munaseka mpaka penti kukudontherani paphazi.

Patha zaka zitatu tsopano chilipezereni botilo likuyandama lokha, inu mulibe. A Jafali, amene munkalowa nawo panyanja tsiku lililonse, amanenabe kuti tsikulo anatsala kunyumba, mutu unkawapweteka. Koma kwathu kuno msodzi aliyense amasunga nkhafi yake yopalasira boti kunyumba, ndipo m'botimo munapezeka nkhafi ziwiri. Lero ndawapeza a Jafaliwo atakhala m'boti lanulo, moni wanga ayankha akuyang'ana mchenga. Inu usani mumtendere, amalume. Nkhafi yachiwiri ija ndikuisungabe, mwini wake sanabwere kudzaifunsa.