Zimene Malovu Ananena za Amayi a Kwaya

Mayi Keturah Makwinja anabadwira ku Ntcheu, nakulira ku Ndirande, ndipo anafika ku Leicester ali mtsikana wongokwatiwa kumene, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Kuyambira nthawi imeneyo akhala ku Beaumont Leys, m'nyumba ya pakona yoyang'anana ndi pokwerera basi. Amuna awo, a Eston, ndi munthu wofatsa, amagwira ntchito ku weyahausi ina, nyumba yosungiramo katundu, kunja kwa tauni. Mwana wawo ndi mmodzi, Tiffany, wobadwira konkuno, yemwe amaphunzira ku yunivesite ya Loughborough. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi.

Mukafunsa Mmalawi aliyense wa ku Leicester kuti Mayi Makwinja ndani, sakuuzani za okalamba ayi. Akuuzani kuti ndi amayi a kwaya. Ndiwo anayambitsa kwaya ya mpingo wa Amalawi womwe umasonkhana Lamlungu masana m'holo yobwereka. Anaiyambira m'khitchini mwawo ndi anamwino ochepa otopa ndi mashifiti. Ankadziwa shifiti ya aliyense pamtima. Ankasankha nyimbo, ankasoketsa mayunifomu kwa telala wa ku Spinney Hill, ndipo munthu akajomba ku pulakatisi foni yake inkalira asanavule nsapato. Komanso ankayimba. Ankayima kutsogolo, pakati penipeni, mayiki m'manja, maso atatsinzina.

Nkhani yoyezetsa DNA, yoona za chibadwa cha munthu, inabwera chifukwa cha matenda a shuga. Matendawa anatenga amayi awo a Keturah, ndipo akulu awo ku Blantyre anali atayamba kale kudzibaya jakisoni. Tiffany ankada nkhawa. Pa tsiku lobadwa la mayi ake anabwera ndi timabokosi tiwiri, kena ka mayi kena ka bambo, nafotokoza kuti munthu umangolavulira m'kabotolo, n'kutumiza pa positi. Kenako a kampani yoyeza amakuuza kumene makolo ako anachokera ndi matenda amene angakupeze.

A Keturah anakana kaye. Anati kwawo munthu sapereka malovu, tsitsi kapena zikhadabo kwa mlendo, ndipo amene amapempha zinthu zotere amadziwika ntchito yake. Nanga awa akuti uwatumizire wekha, ulembeponso dzina ndi adiresi? Tiffany anachonderera mpaka mayi ake anavomera, koma anati kabotoloko akapempherera kaye.

Kulavulako kunali ntchito ina. Malangizo ankati munthu asadye kapena kumwa kanthu kwa kanthawi, kenako adzaze kabotolo mpaka pamzere. A Keturah analeredwa kuti mzimayi salavula pamaso pa anthu, choncho anakadzitsekera ku bafa. Kukamwa kunangouma gwa. A Eston, omwe anali atamaliza zawo kalekale, anayima pakhomo n'kumawalangiza kuti aganize za bwemba. Zitakanika anati aganize za mango osapsa othira mchere ndi tsabola. Mango ndi amene anathandiza.

Zotsatira zinafika patapita masabata angapo. Linali Loweruka m'mawa, ndipo Tiffany anabwera pa sitima kudzawawerengera pa laputopu. Atatuwo anakhala patebulo la m'khitchini.

Choyamba chinali mapu a makolo. Anapakidwa utoto kuyambira ku Congo mpaka ku Mozambique. A Keturah anavala magalasi, nayang'ana mapuwo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti malovu anga ayenda ulendo wonsewu kukandiuza kuti ndine wa ku Africa?"

Za shuga anazilandira modekha. Zinati mwayi wodwala unali wokwererapo ndipo ndi bwino kukaonana ndi GP, dokotala wawo. Anati izo ankazidziwa kale, apita.

Kenako Tiffany anatsegula tsamba la tizinthu ting'onoting'ono ta chibadwa, ndipo apa m'pamene a Keturah anayamba kusangalala. Zinati udzudzu umawakonda kuposa anthu ena. Anawomba m'manja, nakumbutsa amuna awo za ulendo wa ku Nsanje pomwe iwo okha anabwerako atatupa nkhope. Zinati mwina masamba a koriyanda amawamva ngati sopo. Anati zoona zenizeni, n'chifukwa chake samusa wa ku Spinney Hill amayamba amufufuza m'kati. Zinati amadzuka m'mamawa. Apa analengeza kuti anthu amenewa ndi anzeru zoopsa, sanama, ndipo wotsutsa sayansi ndi mbuli.

Atangotero, Tiffany anayamba kuthamangitsa tsambalo. Mayi ake anamugwira dzanja namuuza kuti abwerere pamene wadumphapo. Mwanayo anawerenga ndi mawu otsika. Zinati anthu a chibadwa ngati chawo nthawi zambiri amavutika kutsatira chuni cha nyimbo.

A Eston anakumbukira mwadzidzidzi kuti bini ya zinyalala ili panja ndipo anayamba kudzuka.

"Bambo a Tiffany, khalani pansi. Ine ndimayimba bwanji?"

"Mumayimba ndi mtima wonse, mayi."

"Sindinafunse za mtima."

A Eston anayang'ana kudenga, kenako anati mawu awo amamveka patali. Tiffany, pofuna kusintha nkhani, anatsegula zotsatira za bambo ake, koma anangowonjezera moto. Za a Eston zinati iwo ndi mmodzi wa anthu otha kutsatira chuni bwino. Awa ndi bambo omwe m'tchalitchi amangogwedeza milomo ngati akutafuna chingamu.

Sabata imeneyo a Keturah ankadzitonthoza ndi mayi Lois, gogo wina wachizungu wa kuntchito kwawo. M'mawa uliwonse akamawavalika, gogoyu ankawapempha kuti awayimbire nyimbo ya kwawo. Munthu angapemphe tsiku ndi tsiku chinthu chowawa m'makutu? Koma Lolemba lake a Keturah anachita chidwi ndi chinthu chomwe ankangochiona osachiganizira. Asanapemphe nyimbo, mayi Lois ankayamba achotsa timakina tawo tothandiza kumva, n'kutiika bwinobwino m'kambale. A Keturah anawafunsa chifukwa chake. Gogoyo anawasisita dzanja, nati chimene amakonda ndi kuona nkhope yawo akamayimba, chifukwa imawala kwambiri.

Lachinayi anafika ku pulakatisi mofulumira. M'holo munali Chiletso yekha, injiniya wa ku Loughborough yemwe amayimba kiyibodi komanso kuyang'anira zokuzira mawu. A Keturah anali asanayandikirepo makina akewo zaka zonsezi. Tsiku limeneli anapita kukaima pambali pake. Mayiki iliyonse inali ndi kabatani kake kokwezera mawu, ndipo pamwamba pa kabatani kalikonse panali dzina. Ka dzina lawo kanali pansi penipeni, katamatidwa ndi tepi kuti kasasunthe. Tepiyo inali yakale, yachita chikasu.

Chiletso anafulumira kudziteteza. Anati iye sanamate. Anaipeza choncho kuchokera kwa m'bale amene ankagwira ntchitoyi kale, yemwe anasamukira ku Nottingham. M'baleyo pomusiyira makina anamuuza kuti mabatani onse akhoza kuseweretsa, koma ka Mayi Makwinja asadzakakhudze.

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikuyimbira m'chitsulo chozima?"

"Komabe timakumvani, mayi," anatero Chiletso, ndipo anazindikira mochedwa kuti sizinathandize.

A Keturah sanakalipe. Anthu atasonkhana anangonena kuti atopa ndipo apumule. Utsogoleri anaupereka kwa Rachael, namwino wa mawu okoma ngati uchi. Lamlungu anakhala pa mpando wakumbuyo pafupi ndi amuna awo, milomo atatseka. Zinawapweteka kuposa mmene ankaonetsera. Kunyumba anasiya ngakhale kung'ung'udza akamatsuka mbale, ndipo a Eston anadabwa kupeza kuti bata lomwe ankalilakalaka mwakachetechete silinali lokoma.

Kwaya inayimba bwino Lamlungu loyamba. Pambuyo pake zinayamba kusokonekera. Rachael anali ndi mawu koma analibe mtima woyimbira munthu foni kumufunsa chifukwa chomwe wajombera. Anthu anayamba kufika mochedwa. Asopulano awiri anakangana pa nkhani ya solo mpaka anasiya kupatsana moni. Panaonekanso china chimene palibe ankachiyembekezera. Amayi ambiri a aluto anayamba kuyimba monong'ona. Kale sankaopa kuphonya chuni chifukwa ankadziwa kuti wina aphonya mokweza kuposa iwo. Tsopano aliyense ankamveka yekha.

Manyazi aakulu anachitika pa ukwati ku Nottingham. Mkwatibwi akulowa, theka la kwaya linayamba nyimbo ina, theka lina nyimbo inanso. Mbali zonse zinakana kugonja, ndipo Chiletso pa kiyibodi ankathamangira uku ndi uku mpaka mkwatibwi anafika kutsogolo ali chiseko.

Loweruka lotsatira Rachael ndi Chiletso anagogoda ku Beaumont Leys. A Keturah anawalandira bwino ndi kuwapangira tiyi. Pa nthawiyi anali atapita kale kwa GP, yemwe anawayeza magazi nawauza kuti shuga sanafike koma ali pakhomo. Choncho m'nyumbamo munalibe shuga ngakhale wa alendo. Awiriwo anamwa tiyi wowawayo osadandaula, ngati anthu odziwa mlandu wawo, kenako Rachael anapempha kuti amayi abwerere.

A Keturah anawasiya achonderere mpaka tiyi anazizira. Kenako anati abwerera, ndipo aziyimbitsa kwaya ndi manja okha osayimba, poti sayansi yanena. Koma sayansi yomweyo yanenanso kuti m'nyumba muno muli luso lomwe lakhala likuwola pa mpando wakumbuyo. Ngati akufuna iwo, atengenso bambo a Tiffany.

A Eston, omwe ankamvetsera ali pabalaza, anayesa kunena za mashifiti. Akazi awo anawakumbutsa kuti mashifiti awo amawadziwa.

Lachinayi a Eston anaimikidwa pakati pa abesi, atavala jekete la kuntchito, nkhope ili ngati ya munthu wopita kukazula dzino. Chiletso anagunda kiyi n'kuwapempha kuti atsatire. A Eston anakoka mpweya natulutsa mawu. Sanali besi, sanali tena. Anali ngati chitseko cha galaja chofuna mafuta. Chiletso anatsitsa kiyi, a Eston anakwera. Anakweza, iwo anatsika. Bambo wina wa besi ananamizira kutsokomola n'kutuluka panja, ndipo anamveka akuseka m'khonde.

A Keturah anayima manja ali m'chiuno, akuyang'ana amuna awo. Pang'onopang'ono nkhope yawo inayamba kumasuka. Anaimitsa nyimbo, natembenukira kwa kwaya yonse.

"Mwamva nokha. Awa ndi amene makina oyeza malovu aja anati amadziwa chuni. Ngati ananama za bambo, ananamanso za ine. Chiletso, matula tepi ija."

Aliyense anamva chomwe ankatanthauza. Chiletso anayang'ana Rachael. Rachael anayang'ana pansi. Panalibe amene anali wokonzeka kubwerera ku zomwe zinachitika ku Nottingham. Tepi inachotsedwa.

Tiffany atamva nkhaniyi pa foni anayesa kufotokoza kuti zotsatira zija zimangonena za mwayi, sizilonjeza kanthu. Zikhoza kuphonya kwa bambo n'kulondola kwa mayi. Mayi ake anamuuza kuti alimbikire sukulu, za kwaya azisiyire eni ake.

A Eston anamasulidwa m'kwaya patangotha Lamlungu limodzi, abusa atapempha mwaulemu. Anapatsidwa ntchito yoyala ndi kusanja mipando, yomwe amaigwira mosangalala mpaka lero. A Keturah anachepetsa mpunga, anayamba kutsika basi patali kuti aziyenda pansi, ndipo thupi lawo lapepuka. Amauza amayi onse a mumpingo kuti akayezetse shuga, ndipo amene wazengereza foni yake imalira.

Kwaya inabwerera mwakale. Anthu amafika pa nthawi, asopulano aja anagwirizana, aluto ikumvekanso. Chiletso anagwirizana ndi amayi kuti kabatani kawo kazikhala pakati, osati pamwamba, poti mawu awo ndi amphamvu kale ndipo angawononge masipika. Chifukwa chimenechi a Keturah anachilandira mosangalala. Nyimbo ikafika pokoma a Keturah amatsinzina, ndipo Chiletso amadziwa kuti maso amenewo satseguka mpaka kolasi ithe. Chala chake chimakhala pafupi ndi kabatani kaja.