Masipuling'i a Lole Yakufa

Ku koleji ndinakhalako chaka chimodzi ndi theka ndikuphunzira za makina. Akuluakulu a kumeneko atawona mmene ndinkalembera mayeso anagwirizana kuti nzeru zanga zikufunika kwambiri kumudzi, ndipo anandipatsa kalata yonena zomwezo m'mawu ena. Ndinabwerera kwathu, kumapiri a kumadzulo kwa boma la Ntcheu, ndi chikwama chimodzi komanso udindo. Kuyambira tsiku limenelo bambo ankanditchula kuti "a injiniya", ndipo potero sankaseka. Chachitsulo chilichonse chikadwala pakhomo, kaya wailesi kaya mpini wa wilibala, woitanidwa ndinali ine.

Tinali ndi pikapu yoyera imene bambo anagula akadali ndi mphamvu, yonyamulira mbatatesi kupita kumsika wa kumsewu wa tala. Inali itakalamba, kumbuyo itakhala pansi ngati nkhuku yofungatira. M'chilimwe tinkangoipirira. Koma chaka chimene bambo anadwala mvula inayamba msanga, ndipo msewu wathu unang'ambika: modutsa matayala munasanduka ngalande ziwiri, pakati panatsala mzere wa miyala. Galimoto yaifupi imakwera pamiyalapo ndi mimba n'kukhala, matayala akungozungulira m'matope.

Matenda a bambo anali atalowa m'mafupa a msana, ndipo anawaika kapaipi kotulutsira mkodzo. Kapaipiko kankasinthidwa kuchipatala cha pa boma, komwenso ankalandira mankhwala a ululu. Akaphonya ulendo, nyumba yonse inkadziwa. Kukhala pampando sankatha, choncho tinkayala matiresi kumbuyo kwa pikapu, amayi n'kukhala pambali pawo ndi ambulera. Tsiku lina tinakanirira pamiyala paja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, anthu akukumba pansi pa galimoto ndi makasu, bambo ali chagada kuyang'ana mitambo. Tinabwerera osafika.

Kutacha bambo anandiitana.

"A injiniya, galimotoyi ikwezeni. Ine miyendo yandikana. Isandikanenso iyi."

Ndinachita kafukufuku monga munthu wophunzira, ndiko kunena kuti ndinakwera pachulu pomwe foni imagwira n'kukhalapo mpaka batire kutha. Ndinatsikapo ndi njira ziwiri. Yoyamba inali kuitanitsa ku Blantyre masipuling'i atsopano pamodzi ndi mashoko ake, aja amameza mabampu, zopangidwira galimoto yamtundu wathu. Mtengo wake unkayang'ana kukhola. Yachiwiri inali kwa mmisiri wina wowotcherera ku Manjawira, yemwe ankatchuka pokweza mapikapu ndi zitsulo zochotsa ku magalimoto akufa.

Amayi sanataye nthawi. "Tigulitse ng'ombe imodzi. Zilipo ziwiri, ndipo palibe imene imadwala msana."

Ndinawayankha modekha, ndi mawu a munthu amene anawonapo mkati mwa labotale, kuti chitsulo ndi chitsulo, ndipo a ku Blantyre amangogulitsa penti ndi katoni. Zoona zake n'zakuti ndinkafuna kupulumutsa ng'ombe ndi mutu wanga, kuti chaka ndi theka chija chiwoneke kuti chinabala kanthu. Amayi anandiyang'ana, n'kupitiriza kuchapa nsalu za bambo.

Mmisiri wa ku Manjawira anali wamfupi, wa maso ofiira chifukwa cha moto wowotcherera. Kuseri kwa shedi yake kunali lole yopanda matayala, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Anazungulira pikapu yathu, n'kuiponda kumbuyo.

"Mumanyamula chiyani, achimwene?"

"Mbatatesi."

Funso linali labwino, ndipo yankho langa silinali bodza. Kwathu galimoto imadziwika ndi katundu wake, ndipo kutchula bambo ako pakati pa katundu pakamwa pamalemera.

"Matumba angati?"

"Mpaka iyo yokha itadandaula."

"Ndiye tiwonjezera zitsulo zitatu mbali iliyonse, za loleyo. Kutsogolo timanga mabawuti kuti mphuno idzuke. Ikhala ngati nyamalikiti. Koma ndikuuzeni, ikakhala yopanda katundu izikuvinitsani ngoma. Muzimanga mano."

Ndinagwedeza mutu kuvomereza. Zimenezo ndinali nditaziphunzira, mwina m'theka lija, koma ndinali nditayamba kale kusirira kutalika kwake. Madzulo ndinalowa m'mudzi ndili pamwamba, ndikuwona madenga a anthu. Panjira mutu wanga unagunda denga la galimoto kangapo, ndipo monga katswiri ndinati zitsulo zikuzolowerana.

Ulendo woyamba ndi bambo, miyala ija tinaidutsa osaikhudza n'komwe. Ndinayembekezera kuwomba m'manja. Chomwe ndinamva ndi chibakera cha amayi pagalasi lakumbuyo. Masipuling'i a lole amapindika akamva matani, ndipo bambo pa nthawiyo ndinkatha kuwanyamula ndekha. Galimoto sinkadziwa kuti yanyamula munthu. Bampu iliyonse inkawaponya m'mwamba ndi matiresi omwe, n'kuwalandira ndi chitsulo. Sanakuwe. Anangogwira mkono wa amayi, ndipo titafika pa boma zala zawo zinali zitalembeka pakhungupo.

Nditatsegula chitseko chakumbuyo bambo anandiyang'ana nthawi yaitali, thukuta lili m'makutu.

"A injiniya, miyala tailumpha ndithu. Tsopano pobwerera muziyenda pang'onopang'ono, titole msana wanga pomwe wagwera."

Injiniya weniweni savomera kulakwa, amakonza. Ngati galimoto ikufuna katundu, tiipatse katundu. Ulendo wotsatira ndinasanja matumba asanu ndi limodzi a mbatatesi m'mbali, bambo pakati. Zinathandiza ndithu, ngakhale pageti la chipatala amayi ena anandifunsa ngati ndimagulitsa ndi pa ndowa. Mbatatesi zitatha ndinayamba kudzaza mchenga wa kumtsinje m'matumba a fetereza. Tsiku la chipatala linkayamba ndi fosholo. Anthu a m'mudzi anazolowera kuwona munthu akupita kukawonana ndi dokotala atazunguliridwa ndi mchenga ngati nyumba yoti imangidwe.

Koma panali vuto lina limene mchenga sunalithetse. Galimoto inali itatalika. Kale tinkangowatsetseretsa bambo kuchokera pakhonde, tsopano pankafunika amuna anayi owakweza mpaka pachifuwa, ndipo pokweza paliponse msana unkapindika. Kuchotsa zitsulo zija kukanatibwezera pamiyala. Kuzisiya kunali kumeneku.

Amayi anabwerezanso za ng'ombe, ndipo ulendo uno ndinavomera msanga. Wokana anali bambo.

"Ng'ombe zisiyeni. Imodzi ili ndi ntchito posachedwa, anthu adzafuna ndiwo."

"Musamayankhule choncho, bambo," ndinatero.

"Nanga ndiyankhule bwanji? Mukagule masipuling'i a ku Blantyre kuti ndikwerepo kawiri? Ine ulendo wa mawa sindipita. Matendawa amaluma, koma sandiponya m'mwamba."

Sanapitedi. Mankhwala ndinkakawatengera ndekha, ndikudumphadumpha m'galimoto yanga yaitali. Koma kapaipi sikasinthidwa mwini wake ali kunyumba. Patapita milungu itatu kanatsekeka, thupi linatentha, ndipo tinawakweza asakudziwa kuti akukwezedwa. Ndinayendetsa ngati ndanyamula mazira, mchenga uli m'malo mwake. Anakhala m'chipatala masiku atatu.

Tsiku lotenga maliro ndinatsitsa matumba a mchenga kuseri kwa mpanda wa chipatala kuti bokosi lipeze malo. Bokosilo linali la matabwa olemera. M'mbali mwake munakhala amayi, azakhali awiri, amayi a kumpingo ovala zoyera, ndi amuna ena amene sindinawadziwe koma anati ndi abale. Ena anaima atagwira zitsulo za kuseri kwa galasi. Kutsogolo ndinakhala ndi bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Kasinje ndipo nkhani ya masipuling'i sankaidziwa.

Titasiya tala, ndinamanga mano podikira bampu yoyamba. Sinabwere. Masipuling'i a lole aja anali atapeza katundu amene ankamufuna. Galimoto inkatsika m'maenje n'kutuluka mofewa ngati ikuyenda pa thonje. Amayi a kumpingo ankaimba osadukiza mawu ngakhale pamiyala paja. Ndinasuzumira pagalasi: bokosi silinkasuntha ngakhale pang'ono, ndipo amayi anali atatsamiritsapo dzanja lawo, losagwidwa ndi munthu.

Bambo aang'ono anapukuta maso, n'kusisita dashibodi.

"Koma galimotoyi munaikonza bwino, mwana wanga. Sukulu ija sinapite pachabe."

Ndinati zikomo.

Ng'ombe imodzi inagwira ntchito yake mawa lake. Inayo ilipo. Pikapu ikadali yaitali, ndipo ikadzaza mbatatesi palibe inzake m'dera lathu lonse, moti anthu amabwera kudzafunsa komwe ndinakwezetsa. Ndimawalozera ku Manjawira. Ndimangowauza kuti mmisiriyo akafunsa chimene amanyamula, aganize kaye asanayankhe. Amayi sanakwerenso. Akafuna kupita pa boma amayenda wapansi mpaka kumsewu, n'kukadikira minibasi.